Ulendo wa njinga zamoto wa chaka chino: tilowere kuti?

Che Jafali (wapampando): Abale anga, mwaswera bwanji nonse. Mvula yatha, misewu yayamba kuuma, ndiye nthawi yakwana yoti tigwirizane kumene tilowere pa ulendo wathu wa chaka chino. Aliyense amene atchule malo anenenso chifukwa chake, ndipo aganizire njinga za anzake, osati yake yokha. Pagulu pano pali ma Boxer, ma Lifan, ma King Lion, ma Yamaha akale, palinso zikuluzikulu zochokera ku Joni. Tonsefe tiyenera kunyamukira limodzi pa wotchi paja pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi pa boma la Mangochi, n'kubwereranso limodzi.

Gift wa ku Monkey Bay: Zikomo a tcheya. Ine ndinene Cape Maclear. Ndi pafupi, kuchoka pa boma kufika ku Monkey Bay ndi makilomita 60 ndi pang'ono, kenako kamsewu kokhota m'mapiri kaja kotsikira ku Chembe. Malo ogona alipo a mtengo uliwonse, nsomba zilipo, amene akufuna boti lopita ku Thumbi akhoza kukwera. Palibe amene angadandaule.

Mai Nachisale: A Gift, ku Cape tinapitako chaka chatha, dzana lija tinakathera ku Nkopola. Tonsefe timadzuka ndi nyanja m'maso tsiku lililonse. Kodi ulendo wa pachaka uzikhala wa msewu womwewu umene timadutsa popita ku ntchito?

Gift wa ku Monkey Bay: Amayi, anthu amachoka ku Ulaya kudzaona malo amenewa. Paki ija ya Lake Malawi National Park inalembedwa ndi UNESCO mu 1984 chifukwa cha nsomba za mbuna. Ife eni ake tiziyinyoza?

Mai Nachisale: Sindikuyinyoza ayi, achimwene. Ndikungoti njinga zathu zisamadziwe msewu umodzi wokha.

Imrani: Ngati nkhani ndi msewu watsopano, tiyeni kwathu ku Makanjira. Ambiri pagulu pano anabadwira m'boma lino koma sanadutsepo Malindi. Tiwoloke mlatho, tikhotere kumanzere, tidutse pa chipatala cha St Martin's, Lungwena, mpaka tikafike kwa mfumu yaikulu Makanjira. Nyanja ya kumeneko ndi ina, mchenga wake woyera, opanda mipanda ya mahotela. Kuli ndi mbiri yake: kumeneko ndi kumene Captain Maguire anaphedwa mu 1891 polimbana ndi anthu a Makanjira, n'chifukwa chake pali dzina la Fort Maguire. Komanso anthu akwathu amadziona ngati oiwalika. Ataona njinga zambirimbiri zitafika pamodzi, ana akhoza kukamba zimenezo chaka chonse.

Chikondi: Imrani wanena zenizeni. Ulendo wa njinga umafunika fumbi ndi mchenga. Ine ndavota Makanjira.

Madala Phiri (makanika): Chikondi mwana wanga, njinga yako ija ya 650 inapangidwira msewu wotero. Matayala ake ali ndi mano, mashoko ake ndi aatali. Tsono taganiza za Boxer yonyamula anthu awiri ndi chikwama, matayala osalala a pa tala, ikulowa mu mchenga wakuya. Gudumu lakutsogolo limangozama, munthu n'kugwa cham'mbali, mwendo n'kupsa ndi ekizozi. Kupita kokha ndi makilomita pafupifupi 100, ambiri mwa iwo opanda tala. Ndimalandira njinga zochokera kumeneko sabata ndi sabata: masipoko oduka, tcheni chodzaza mchenga, sipuroketi yotha mano, fyuluta ya mpweya yotsekeka ndi fumbi. Anyamata akumeneko anazolowera, amadziwa podutsa. Koma gulu la anthu osazolowera, wina akagwa kupitirira Lungwena, chipatala chachikulu chili kutali.

Imrani: Madala, msewu umenewo amayi oyembekezera amadutsamo pa kabaza tsiku ndi tsiku. Ife amuna athanzi tiziuopa?

Madala Phiri (makanika): Amadutsamo chifukwa alibe njira ina, ndipo zimandimvetsa chisoni. Sindikuti tisadzapiteko mpaka kalekale. Ndikuti si ulendo wotengera gulu lonse popanda kukonzekera. Walira mvula walira matope.

Abiti Saidi (msungichuma): Ndiloleni ndiikepo nkhani ya ndalama msanga tisanapite patali. Chiyambireni kutsika kwa kwacha mu Novembala 2023, chilichonse cha njinga chinakwera: oilo, machubu, mapulagi, osanena za petulo. Thumba lathu silingalipirire aliyense mafuta. Lingathe galimoto yotsatira m'mbuyo, bokosi la mankhwala ndi chakudya cha tsiku limodzi. Zotsalazo ndi za m'thumba mwa munthu. Ndiye potchula malo muziwerengera malita.

Aphunzitsi Banda: Moni nonse. Ine ndipereke malo apafupi koma osiyana ndi kunyanja: Namwera mpaka Chiponde. Mukangowoloka mlatho n'kutenga M3, mumayamba kukwera mapiri a Chowe, tala yekhayekha, makona okoma, ndipo mukatembenuka pamwamba mumaona nyanja ya Malombe, Shire ndi nyanja yaikulu nthawi imodzi. Kumtunda kuno kumazizira bwino, si kotentha ngati pa boma. Amene ali ndi mphamvu tikhoza kukwera phiri wapansi kukaona makoma a Fort Mangochi, linga limene Angerezi anamanga atagonjetsa mfumu Jalasi mu 1895. Kenako nkhomaliro pa Chiponde, n'kubwerera dzuwa likadalipo. Thanki imodzi ikukwana kupita ndi kubwera.

Yusufu: Aphunzitsi, ku Namwera ife a kabaza timapitako pafupipafupi ndi makasitomala. Koma ndi bwinoko kusiyana ndi Makanjira pa nkhani ya mafuta.

Chikondi: Tikafika pa Chiponde bwanji osangowolokera ku Mandimba?

Che Jafali (wapampando): Zowoloka malire zichoke kaye. Kumeneko kumafunika mapepala a munthu ndi a njinga, ndipo pagulu pano alipo amene njinga zawo zili m'dzina la mabwana awo. Sitikufuna theka la gulu likatsale pa geti.

Esnart: Nanga ku Liwonde? Tikaone njovu.

Gift wa ku Monkey Bay: Mu paki salola njinga zamoto, achemwali. Muja muli mikango tsopano, anaibwezeramo mu 2018 a African Parks atayamba kuyang'anira. Tikhoza kungofika pa Ulongwe n'kulowera ku Shire kukakwera boti, koma mtengo wake a msungichuma sangavomere.

Abiti Saidi (msungichuma): Sindingavomeredi.

Mai Nachisale: Tsono mverani langa. Tiyeni ku Mua, kudzera msewu wa Golomoti. Tinyamuke pa boma, titenge msewu wa Monkey Bay, tikhotere kumanzere kulowa wa Golomoti, tidutse pa Chantulo ndi chigwa cha Bwanje, tikatulukire pa M5, kenako pang'ono chabe chakumpoto tafika pa mishoni. Ndi makilomita 120 kapena 130, tala njira yonse, ndipo ndi pathyathyathya moti ngakhale njinga yotopa ikhoza kufika. Mishoni ija ndi ya 1902, ya ansembe a White Fathers. Pali Kungoni, malo a zosemasema ndi chikhalidwe amene bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, ndi nyumba yosungiramo zakale ya Chamare. Ine nditalowamo ndinatuluka ndili chete. Muli zigoba za gule wamkulu zambirimbiri, chilichonse ndi tanthauzo lake, muli za Angoni, mulinso za Ayao: chinamwali, ufumu, mmene Chisilamu chinafikira. Ana athu amaphunzira zimenezi m'mabuku koma ife makolo sitinazionepo. Ndipo kuseri kwa Golomoti kuli Khwekhwelere, msewu wokwera phiri kukatulukira pa Masasa ku M1. Amene akufuna makona, kumeneko akakhuta.

Chikondi: Khwekhwelere! Amayi mwandigwira mtima. Ndabweza voti yanga ya Makanjira, pepa Imrani. Msewu uja umakhota mobwerera m'mbuyo kangapo, ukamakwera chigwa chonse chimatseguka kumbuyo kwako mpaka nyanja. Tikafika pamwamba tipitirire ku Dedza tikamwe khofi pa Dedza Pottery.

Che Mdala Wisiki: Ine funso langa ndi la zigoba zija. Ena a ife ndi Asilamu, ena ndi a mipingo yosagwirizana ndi za gule. Kodi sitikakhumudwitsana?

Che Jafali (wapampando): Funso labwino, Che Wisiki. Ine ndine Msilamu ndipo ndinalowamo. Si kudambwe, ndi malo ophunzirira, ndipo chipinda chimene chimakamba za ife Ayao chinalembedwa mwaulemu. Koma palibe wokakamizidwa. Amene mtima wake sukufuna akhoza kukhala panja pa mtsinje wa Nadzipokwe kapena kukaona amisiri akusema. Chimene ndingapemphe n'chakuti nyama ya gulu tikagule yozinga Msilamu, kuti mphika ukhale umodzi.

Mai Nachisale: Zimenezo n'zosavuta. Mbuzi tigule konkuno, azinge Che Wisiki eni ake.

Yusufu: Akuluakulu, ndiyankhuleko ngakhale ndili wamng'ono. Mwatchula Mua, mwatchula Dedza, mwatchula kugona. Ife a kabaza pagulu pano tilipo ambiri, ndipo ambirife njinga si zathu. Bwana amafuna tageti yake madzulo aliwonse, kaya wagwira ntchito kaya sunagwire. Ndikachoka masiku awiri ndiye kuti ndalipira tageti ya masiku awiri kuchokera m'thumba, kuwonjezera mafuta, kuwonjezera pogona, kunyumba osasiyako kanthu. Chaka chatha ku Cape tinabwerera tsiku lomwelo, n'chifukwa chake tinapita ambiri. Mukasankha ulendo wa masiku awiri, dziwani kuti mwasankha ulendo wa anthu olandira malipiro pamwezi. Ife tidzangoona zithunzi pa foni. Sindikunena mwaukali, koma gululi tinaliyamba limodzi pa siteji, a njinga zazikulu anatipeza.

Esnart: Yusufu wanena zoona. Inenso saluni ndikatseka Loweruka ndi Lamulungu ndiye kuti sabata yonse yapita.

Chikondi: Koma abale, ulendo wa pachaka ndi kamodzi. Munthu sangasunge pang'onopang'ono kuyambira pano?

Yusufu: Achimwene, kusunga kumatheka ngati pali chotsala.

Aphunzitsi Banda: Apa ndiye pagona nkhani. Tisayambe ndi funso loti malo okongola ndi ati, tiyambe ndi loti ndi ulendo uti umene Yusufu ndi anzake angathe. Ngati yankho ndi tsiku limodzi, Namwera ikadali pamndandanda. Mua nayonso itheka tsiku limodzi ngati tinyamuka mbandakucha, koma Dedza ayi.

Madala Phiri (makanika): Tiyeni tiwerengere. Gulu limayenda pa liwiro la njinga yofooka, tinene 50 kapena 60 pa ola, kuchepetsa pa Namiasi, pa Makawa ndi pa misika ina chifukwa cha ana, mbuzi ndi njinga zakapalasa. Kuwonjezera kupuma kuti injini zizizire ndi tayala limodzi kapena awiri kuphulika, chifukwa zimenezo sizilephera. Kufika ku Mua ndi maola atatu kapena atatu ndi theka. Tikanyamuka 6 koloko, pofika 10 tili pa mishoni. Tikachokako 2 koloko masana, tafika kuno kusanade. Zitheka. Koma tikawonjezera kukwera mpaka Masasa ndi Dedza, mdima utipeza m'chigwa cha Bwanje, ndipo ine sindilola gulu kuyenda usiku. Magetsi a njinga zambiri pano ndi ofooka, ngolo za ng'ombe zilibe zowala, ndipo dzenje usiku umaliona utalowamo kale.

Ndinenenso za Khwekhwelere, chifukwa achinyamata mukungoganiza zokwera. Kukwera si vuto, njinga ya 125 imakwera pa giya 2, pang'onopang'ono. Choopsa ndi kutsika. Anyamata ambiri ali ndi chizolowezi chozimitsa injini kapena kuika nyutulo potsetsereka kuti apulumutse mafuta. Pa Chowe ena amachita zomwezo. Ukatero njinga yonse yatsamira pa mabuleki okha, ndipo mabuleki a dilamu akatentha amasiya kugwira. Umaponda chopondera n'kumangomva chikulowa, kona ili patsogolo. Potsika phiri giya ikhale 2, injini izigwira njinga, buleki uzigwira n'kusiya, kugwira n'kusiya. Amene sangalonjeze zimenezi asakwere.

Che Mdala Wisiki: Madala anenetsa. Mwana wa mlongo wanga anathyoka mwendo potsetsereka chifukwa cha nyutulo yomweyo.

Chikondi: Chabwino, nanga tikagawana? Onse tifike ku Mua. Amene akubwerera tsiku lomwelo abwerere ndi Madala. Amene tingathe tigone, m'mawa tikwere Khwekhwelere.

Imrani: Ayi, apo ndiye ndikukana. A tcheya ayamba ndi mawu oti tinyamukire limodzi, tibwerere limodzi. Mukagawa gulu chaka chino, chaka chamawa kudzakhala maulendo awiri, wa olemera ndi wa osauka. Ine Makanjira ndaisiya chifukwa cha umodzi womwewo, ndiye wina asabweretse zogawana.

Mai Nachisale: Imrani ukunena zoona, koma Chikondi naye asabwerere osalawako phiri. Bwanji tichite chonchi: pobwerera kuchokera ku Mua, tikafika pa Golomoti, gulu lonse likwere limodzi mpaka pamalo oonera chigwa, osafika ku Masasa. Tijambule chithunzi cha gulu pamenepo, titsike mwadongosolo, Madala ali patsogolo kuti wina asathamange. Ola limodzi likwana. Amene sakufuna kukwera adikire pa Golomoti ndi galimoto.

Madala Phiri (makanika): Ngati ndi choncho tichoke ku Mua 1 koloko, osati 2. Ndipo potsika ine ndikhaladi patsogolo, wondipitirira adzalipira chindapusa ku thumba.

Chikondi: Ndavomera. Dedza tidzapita patokha tsiku lina, osati m'dzina la gulu.

Gift wa ku Monkey Bay: Ine ndikadakondabe Cape, koma ngati ambiri akuti Mua sindilimbana nazo. Ife a ku Monkey Bay tisavutike kubwera ku boma, tidzakudikirani pa mphambano yolowera msewu wa Golomoti.

Aphunzitsi Banda: Namwera ndiisunge ya chaka chamawa. Koma ife a kumtunda kuti tifike pa wotchi 6 koloko ndiye kuti titsike Chowe kuli mdima. Alipo angatisunge usiku wa Lachisanu?

Che Jafali (wapampando): Kwathu kwa Mponda malo alipo, aphunzitsi. Mubwere ndi anzanu, mphasa sizisowa.

Abiti Saidi (msungichuma): Tsiku nalo tigwirizane lero. Lachisanu ayi chifukwa cha Juma, Lamulungu ayi chifukwa cha tchalitchi. Latsala Loweruka, ngakhale ndikudziwa kuti a Seventh Day tili nawo awiri. Mwezi uti?

Esnart: Pa holide ya 6 Julayi?

Gift wa ku Monkey Bay: Julayi kuli mwera, ndipo 6 koloko m'mawa pa njinga zala zimauma. Kumapiri kuja kumakhalanso chifunga.

Yusufu: Masiku a holide ndi amene ife timapezako ndalama, anthu akamabwera kunyanja. Makamaka 15 Okutobala, tsiku la anakubala, msewu wa kunyanja umadzaza ndi maminibasi ndi oledzera. Limenelo lisayerekezedwe n'komwe. Mutisankhire Loweruka wamba, pakati pa mwezi, anthu asanalandire.

Madala Phiri (makanika): Seputembala. Kuzizira kwatha, kutentha kwa Okutobala sikunafike. Chigwa cha Bwanje mu Okutobala masana injini zoziziritsidwa ndi mphepo zimavutika, anthu nawonso.

M'bale Kondwani: Ife a Sabata tamva. Loweruka sitingathe, ndipo sitikufuna kuti gulu lonse lisinthe chifukwa cha anthu awiri. Koma chaka china mudzaganizireko tsiku la holide la pakati pa sabata, kuti nafenso tidzalaweko.

Che Jafali (wapampando): M'bale Kondwani, mawu anu ndawasunga ndipo sindikufuna angodutsa. A Katolika, a CCAP ndi a Anglican pagulu pano, kodi Lamulungu limodzi pachaka silingatheke mutapemphera Loweruka madzulo kapena kukalowa Misa ku Mua komweko? Tchalitchi chili pa mishoni pomwepo.

Mai Nachisale: Ine ndine Mkatolika, kupemphera ku Mua ndingakondwe kwambiri. Koma Misa ya m'mawa sitingaipeze tikanyamuka 6 koloko, ndipo sindikudziwa ngati nyumba ya Chamare amatsegula Lamulungu. Ndifunsa kaye.

Aphunzitsi Banda: Ife a CCAP tikhoza kupempha chilolezo kwa akulu ampingo, si nkhani yovuta. Kwa a kabaza Lamulungu ndi bwinonso kuposa Loweruka, si choncho Yusufu?

Yusufu: Lamulungu ntchito imachepa, inde. Mabwana ena salandiranso tageti tsiku limenelo. Kwa ife ndiye labwino kwambiri.

Esnart: Saluni Lamulungu ndimatsegula masana okha. Ndikhoza kutseka.

M'bale Kondwani: Abale, mwatichitira ulemu waukulu. Zikomo.

Abiti Saidi (msungichuma): Ndiye tikuti Lamulungu lapakati pa Seputembala, podikira yankho la Mai Nachisale. Za mafuta: njinga zing'onozing'ono zimayenda makilomita 35 kapena kuposa pa lita, ndiye kupita ndi kubwera, kuphatikiza phiri lija, munthu akonzekere malita 8 kapena 9. Thanki ya Boxer ikadzaza imakwana, koma ena matanki awo ndi aang'ono. Aliyense adzaze dzulo lake, tisadalire kuti tikapeza panjira. Za zigubu musaiwale kuti mafuta akavuta a MERA, bungwe loona za mafuta, amaletsa kugula m'zigubu popanda chilolezo, ndiye tisamange ulendo pa zigubu. Zopereka muzitumiza pa Airtel Money kapena Mpamba monga mwa nthawi zonse, pang'onopang'ono kuyambira mwezi uno. Ndipempha a njinga zazikulu awonjezerepo, kuti tithandizire mafuta a anzathu amene zawavuta. Mayina a othandizidwa adzakhala kwa ine ndekha.

Chikondi: Ine nditenga mafuta a njinga ziwiri. Musanene kuti ndi zandani.

Che Mdala Wisiki: Galimoto yotsatira ndipereka pikapu yanga, gulu lingothira dizilo. Mbuzi ndi miphika zikwera momwemo.

Che Jafali (wapampando): Mulungu akudalitseni nonse awiri. Malamulo ndi akale aja. Chisoti kwa woyendetsa ndi wokwezedwa yemwe, chomanga pachibwano, osati chongokhazika pamutu. Anthu awiri okha pa njinga. Laisensi ndi inshulansi zikhale zamoyo, chifukwa pa malodibuloko gulu lonse siliima kudikira munthu mmodzi akukambirana ndi apolisi. Amene mapepala ake anatha ali ndi miyezi yokwanira kuwakonza. Mowa ayi mpaka njinga italowa m'nyumba. Zing'onozing'ono patsogolo, zazikulu pambuyo, magetsi oyaka ngakhale masana.

Madala Phiri (makanika): Kutatsala sabata imodzi kuti tinyamuke njinga iliyonse idutse pa galaja panga, kuyang'ana n'kwaulere. Ndiona mabuleki, tcheni, matayala ndi oilo. Ya mabuleki otha sikwera phiri, ngakhale mwini wake atakhala tcheya.

Che Jafali (wapampando): Yanga ibwera yoyamba.

Imrani: Nanga Makanjira ithere pompa?

Madala Phiri (makanika): Ayi. Mu Ogasiti, mitsinje itaphwa, tipite anthu ochepa, iwe utitsogolere. Tikaone pamene pali mchenga woipa, pamene tingapeze mafuta, pogona ndi chipatala chapafupi. Tikabwera ndi zoona zake, gulu lidzasankhe pakati pa kwanu ndi kwa aphunzitsi chaka chamawa.

Imrani: Apo ndagwirizana nazo. Ndiuza amalume akonzekere alendo.

Gift wa ku Monkey Bay: Msewu wa Golomoti nawo wina akauone, mvula ya chaka chino yakumba maenje malo ambiri. Ine ndikhoza kufika mpaka pa Chantulo Lachiwiri. Kuchokera pamenepo mpaka M5 pakufunika wina.

Yusufu: Ndili ndi kasitomala amene ndimakamutula ku Golomoti kumapeto a mwezi. Ndidzajambula malo oipa n'kutumiza pano.

Mai Nachisale: Ine mawa ndiimbira ku Mua za Lamulungu lija, ndifunsanso mtengo wolowera ngati tili gulu komanso ngati angatilole kuphika tokha pamalopo. Chiwerengero ndiwauze bwanji?

Abiti Saidi (msungichuma): Aliyense amene akupita alembe dzina lake pansipa pofika Lachinayi madzulo, anenenso ngati akukweza munthu.

Esnart: Esnart, ndikweza mng'ono wanga. Chisoti chachiwiri ndilibe, alipo angandibwereke?

Yusufu: Ndili nacho cha makasitomala, achemwali. Mudzatenge pa siteji.